Dzenje la kudambo la Soche

Mwana wanga woyamba sanalire. Anabadwa ali chete, ndipo azimayi okhaokha ndiwo anakamuika kudambo, kunsi kwa phiri la Soche, m'kadzenje kosazama, popanda mtanda. Mwana wotere timati mtayo. Amuna sapita nawo, ndipo sauzidwa n'komwe pamene wagona. Ineyo anandilozera ndi mlomo apongozi anga, tikupita kochapa.

Inali nthawi ya Chitaganya. Chaka chimenecho kunachita chivomezi chong'amba zipupa, ndiye boma pofuna kulambula msewu watsopano wochokera ku Limbe, linatuma mzungu woyeza nthaka, ati aone kaye ngati pansi pangapirire. Anabwera ndi kapitawo wake ndi anthu a mapiki. Kufunsa anafunsa ndithu. Anasonkhanitsa abambo patchalitchi n'kuwafunsa ngati kudamboko kuli manda. Abambo aja, amuna anga ali pomwepo atatchena jekete, anati kulibe. Akanadziwa bwanji? Ife odziwafe tinali kuseri, kalikiliki kuphikira alendowo tiyi. Mpaka lero ndikakumbukira tiyi ameneyo ndimapsa mtima.

Nditamva kuti ayamba kukumba ndinathamangira komweko, mpango uli m'manja. Ndinapeza dzenje lafika kale m'chiuno, pamalo penipeni paja.

"Akapitawo, aletseni anthu anuwa. Pali mwana wanga apa."

"Mayi, amuna anu omwe anati kulibe manda. Mtanda uli kuti?"

"Sitiika mtanda."

"Nanga bwanayu ndimuuza chiyani?"

Sanamuuze kanthu. Mzungu uja anatsikira m'dzenjemo, n'kutapa dothi, kulifinya, kulinunkhiza. Ndinatukwana tsiku limenelo, ine woimba kwaya. Ndinatukwana kapitawo, ndinatukwana boma, ndinatukwananso amuna anga, amene atamva anangoti, "Bwenzi mutandiuza." Ndikanawauza bwanji, poti mayi awo omwe ndiwo anandiletsa?

Pambuyo pake tinamva kuti dothi lathu lakanidwa. Ati n'lofewa, lamadzi, kutabwera chivomezi china msewu ungatitimire. Anakaudutsitsa kumtunda, ndipo anthu anakondwa kuti madimba awo apulumuka. Ena anachita kundiuza kuti ndithokoze Mulungu.

Dzenjelo sanalikwirire n'komwe. Ndinapita ndekha ndi khasu, ndinagwada n'kupapasa mulu wonse ndi zala ndisanaubwezeremo. Sindinapeze kanthu, ngakhale kansalu komwe anamukulungamo. Koma dothilo silinadzaze dzenje. Lina anali atapita nalo m'matumba kukaliyeza kutauni.