Ana a Paini Wokhota wa ku Chowe

Chaka cha chilala chija, Filomena wa ku Chowe anasiya kudzera njira ya kumsika. Ankazungulira kuseri kwa mzikiti, maso ali pansi. Mabanja makumi awiri anabzala paini m'minda yawo ya m'phiri chifukwa cha mawu ake, ndipo mitengoyo inali itauma gwa.

Koma manyazi aakulu anali pa chinthu chimene sanauze munthu. Mbewu yabwino imene bungwe lina linamupatsa kuti afese kunazale yake ya mitengo, ina inadyedwa ndi makoswe chifukwa cha kusasamala kwake. Poopa kunyozedwa, anakatola mbewu pa paini wina wokhota, womera pathanthwe, amene ngakhale ocheka matabwa ankangomudutsa. Mbande zake anakabzala m'munda wa a Simioni, bambo wachikulire wosaona bwino, poganiza kuti sadzazindikira. Sindimuikira kumbuyo, anachita zoipa.

Tsiku lina a Simioni anamuitanitsa.

"Mwanangu, paini wa onse wafa, wanga yekha ali biriwiri," anatero. "Anthu akuti ndakhwimira anzanga. Ngakhale kutchalitchi akundithawa pabenchi."

Filomena anabwerera kwawo osawauza zoona. Sabata yathunthu anasungabe chinsinsi chake, manyazi akumudya. Koma pa msonkhano umene anaitanitsa a Oscar, mlangizi wa zankhalango, Filomena anaimirira n'kuulula.

"A Simioni alibe mankhwala. Wabodza ndine. Ndinawapatsa mbande za mtengo wachabechabe."

Ena anamukuwiza. A Oscar anangoti, "Mayi, kandionetseni mtengowo."

Atauona, anafotokoza kuti kupirira chilala kumatha kukhala kwakumtundu, mtengo n'kupatsira ana ake kudzera m'mbewu. "Koma munda umodzi si umboni. Muyese."

Filomena anayesadi. Anafesa mbewu za mitengo ya paini isanu ndi umodzi, kuphatikizapo wokhota uja, uliwonse mzere wake wa machubu apulasitiki, n'kumazimana madzi mwadala. Chaka choyamba mbuzi zinalowa n'kusakaza zonse. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Anamanga mpanda n'kuyambiranso. Chaka chachiwiri ndi chachitatu yankho linali limodzi: ana a wokhota uja ndiwo ankafota pomalizira.

Mabanja anayi okha ndiwo anavomera kubzalanso, ulendo uno mbande za wokhota uja, oyamba anali a Simioni. Filomena anawagwadira, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, ndinakupeputsani."

"Unandipeputsadi," anayankha. "Koma dzina langa unandibwezera anthu akuona. Dzuka, tikumbe mayenje."

Lero ku nazale yake kumafika anthu ochokera kutali, ndipo aliyense amayamba wamva kwa Filomena mwiniwake za makoswe aja asanatenge mbande.

Inu amene muli ndi cholakwa chimene chikukuyendetsani njira zakuseri, chiululeni, ngakhale mawu anjenjemere. Mukatero musagwe ulesi, yambiraninso.