Chaka Chimene Mipesa ya Alamu Anga Inalira

Alamu anga a Rowland Chimphonda ndi munthu woti ukawapatsa moni wansangala amayamba kudzifunsa kuti kodi ameneyu akufuna chiyani. Ndakhala m'nyumba mwawo ku Middlesbrough chibwerereni kudzagwira ntchito ya unamwino, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva. Amayendetsa basi, anakwatira achemwali anga a Joan, ndipo dziko lonse la Mangalande anthu amene ankawakhulupirira anali awiri okha: mkazi wawoyo masiku ena, ndi mnzawo a Thompson masiku onse.

Awiriwa anakulira limodzi ku Dedza, anaphunzitsa pasukulu imodzi, ndipo kuno anabwera motsatizana ngati ophunzira. Alamu mapepala awo okhalira kuno anatheka chifukwa cha ntchito ya achemwali. A Thompson ankangokhalira kuwonjezera viza, uku akusamalira okalamba, ndipo ankagona m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, kopanda ngakhale pobzala anyezi. Ankaitanana kuti achimwene, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi a Thompson ankadzadya kwathu. Ubale umenewu ndi umene alamu anautaya, ndipo anautayira kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kuli khoma la njerwa loyang'ana kumene dzuwa limadutsa, likafuna kudutsa. M'mbali mwa khomalo alamu anabzala mipesa isanu imene anapatsidwa ndi Ken, mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana nayo, amene kale ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo. Amalawi anzathu anaseka mpaka misozi. Mphesa ku Middlesbrough, kumene ngakhale zovala siziuma? Koma alamu akafuna chinthu sabwerera m'mbuyo. Mphesazo zinkabereka ndithu, zing'onozing'ono, zowawasa zoti ukadya imodzi nkhope yonse imakwinyika, ndipo tonse tinkauzidwa kuti tinene kuti n'zotsekemera.

Kasamalidwe kake kanali ndi malamulo oposa a kuchipatala. Kudulira kunkachitika mu Januwale, mpesa uli m'tulo chifukwa cha kuzizira. Pa mpesa uliwonse ankasiya nthambi ziwiri zokha, n'kuzipinda bwinobwino, n'kuzimangirira pa waya ndi tinsanza ta masokosi akale a achemwali. Nthambi ziwirizo ndiye zinkabereka chaka chimenecho. Malichi akafika, mpeni sunkayandikiranso. Alamu ankangozungulira m'mawa uliwonse asanapite kukatenga basi, akuyang'ana maso a nthambi ngati ayamba kutupa, ndipo wailesi ikanena za chisanu ankafunditsa mipesayo makatani akale. Ine ndinaletsedwa ngakhale kuyanika thaulo pa wayapo.

Lolemba lina mu Malichi wa 2015 alamu analowa kukhitchini nkhope itachita phulusa, n'kutiitana kuti tidzaone. Mipesa itatu inalibe nthambi zake. Munthu anazidula ndi mpeni wobuntha, ndipo pa bala lililonse pankadontha madzi oyera, osaleka, mpaka dothi la pansi linanyowa. Ine sindinkadziwa kuti mpesa ukadulidwa nthawi imene ukudzuka umatuluka madzi chonchi. Alamu ankadziwa. Mphesa za chaka chimenecho pa mipesa itatuyo zinali zitapita, ndipo ankaopa kuti ndi mitengo yomwe ifa.

Anayesa kudonthetsera phula la kandulo pa mabalawo, madzi n'kulikankha. Anamanga nsanza, nsanzazo n'kunyowa. Ken anasuzumira pampanda n'kunena kuti ausiye, mpesa umaleka wokha kulira. Alamu anamuyang'ana mkuluyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinadziwa kuti walowa kale m'gulu la oganiziridwa. Ine ndiye ndinali woyamba, chifukwa cha nkhani ya thaulo ija. Anafunsanso ngati ana a m'nyumba ya kutsogolo anagwetsera mpira kuno. Koma Ken, posadziwa moto umene akuyatsa, anawonjezera kuti dzulo masana anaona mnzawo uja, wamtali wa jekete yobiriwira, atawerama pa mipesapo.

Lamlungu limenelo alamu anali pa shifiti, ndipo a Thompson anadya ndi ife. Ndinakumbuka kuti anatulukadi panja kanthawi, ife n'kumati akukayankha foni.

Mukanati alamu aimbe foni n'kufunsa. Ayi ndithu. Anakhala pampando n'kuyamba kulumikiza zinthu. Munthu wopanda dimba, nthambi za mpesa akufuna akachite nazo chiyani? N'chifukwa chiyani anasankha tsiku limene mwini wake kulibe? Nanga bwanji masiku ano akamayankha foni amatsitsa mawu? Bwanji anagulitsa TV yake? Ndipo sabata yapita ija, si iyeyu anaima pa mipesapo n'kumayamikira mopitirira, amvekere achimwene muli ndi dzanja? Yankho alamu analipeza okha: nsanje ya mapepala. Munthu amene zake sizikuyenda watenga kanthu ka pakhomo pawo kupita nako kwa sing'anga, ndipo asing'anga masiku ano amagwira ntchito ngakhale pa WhatsApp.

Achemwali anawakumbutsa kuti ndi mkulu wa mpingo, asamayankhule zoterozo. Iwo anayankha kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinawauza mosapsatira kuti akudwala, ndipo matenda awo kuchipatala kwathu tilibe mankhwala ake. Sanaseke. A Thompson anaimba kangapo sabata imeneyo, foni n'kumangolira patebulo mwini wake akuiyang'ana.

Lachisanu masana kunamveka odi pakhomo. Achemwali anali kuntchito, ine ndinali pa ofu. Alamu atasuzumira pa katani anathawira m'mwamba, n'kundinong'oneza kuti ndikanene kuti kulibe. Ndinatsegula. A Thompson anali atavala jekete ija, atameta bwino, chikwama cha pulasitiki m'manja.

"Achimwene alipo, alamu?"

"Akuti kulibe," ndinatero, chifukwa bodza la munthu wina sindinkafuna kulisenza ndekha.

Anayang'ana pansi. Nsapato za alamu za kuntchito zinali pomwepo pakhomo, jekete ya kampani ya mabasi ili pa msomali. Ndinawapempha kuti alowe amwe tiyi, kapena andiuze uthengawo ndiwafikitsire. Anapukusa mutu.

"Ayi, it's okay. Nkhani yake ndi yoti amve eni ake kaye, si yosiya pakhomo."

Anaimabe pang'ono, akuyang'ana masitepe. Kenako anatulutsa kamtolo m'chikwama muja, n'kukaika pansi pambali pa chitseko, n'kumapita osacheuka.

Kamtoloko kanali timitengo ta mpesa, todulidwa motalika mofanana, tokulungidwa m'kansalu konyowa ka chitenje, tomangidwa ndi mphira. Alamu atatsika n'kukaona anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Ndiye umboni umenewu, anatero, zapita zakakonzedwa, tsopano zabwezedwa kuti zigwire ntchito. Sanakakhudze ndi dzanja. Anakawaza mchere, n'kukanyamula ndi fosholo kupita nako kuseri, n'kukatentha m'chitini cha penti. Timitengo taiwisi sitiyaka msanga, ndiye anathira mafuta oyatsira makala mpaka Ken anatseka mawindo ake.

Lamlungu kutchalitchi, pa nthawi ya zolengeza, abusa anati tithokoze Mulungu chifukwa mbale wathu Thompson wafika bwino kumudzi. Viza yake inakanidwa komaliza, ndipo anasankha kunyamuka yekha asanachite kunyamulidwa. Abusa omwewo anamva munthu atatera kale ku Lilongwe. Palibe anadabwa kwambiri, chifukwa tonse tinaleredwa choncho: ulendo sulengezedwa, umauza wako mmodzi tsiku lomaliza, ena adzamva utafika. Wake mmodziyo anali atakhala pafupi ndi ine, buku la nyimbo lili chozondoka m'manja.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira zimene maso anga anaona Lachisanu lija. Timitengo tija tinadulidwa ngati mbewu ya chinangwa. Kwathu munthu akadutsa m'munda mwa mbale wake amathyola mbewu osagwada, chifukwa mbewu simanidwa. Akanapempha, alamu akanafunsa kuti mukabzala kuti, ndipo ulendo ukanaululika nthawi isanakwane. Zoti mpesa si chinangwa, ndipo sudulidwa mu Malichi, a Thompson akanazidziwira kuti? Zinandipweteka kwambiri, ndipo alamu sindinawayankhule mpaka Pasaka.

Nambala ya ku Dedza inapezeka mosavuta. Alamu anaimba ali kukhitchini, foni ili pa sipika. Anayamba ndi moni wautali, za ulendo, za mvula, za ana, koma nkhani ya kamtolo kaja ankangoizungulira. A Thompson ndi amene anawathandiza.

"Ndimafuna ndikabzale kuseri kwa nyumba ya mayi, kuti ndizikhala ndi kanthu kanu. Ndinabwera kuti mundiuze kabzalidwe kake. Koma ndinaona nsapato, ndiye ndinabweza. Mwabzala?"

Alamu anayang'ana kuseri, kumene kunali chitini cha penti chija. Achemwali anatembenukira kusinki.

Mipesa ija inaleka kulira yokha, monga ananenera Ken, ndipo pofika Meyi inali itatulutsa mphukira zatsopano pansi pa mabala aja. Chaka chotsatira inabereka kuposa kale, zowawasa zomwe zija.

Alamu akuyendetsabe basi, ndipo akuganizirabe aliyense wowamwetulira. Koma Januwale aliyense akamadulira amasankha nthambi zonenepa, n'kuzidula motalika mofanana, n'kuzikulunga m'nsalu yonyowa, n'kuyamba kufunsafunsa amene akupita kumudzi. Ena amakana kunyamula, ena amavomera n'kukaziiwala mu sutikesi. Mtolo umodzi unafika. Foni inalira tsiku lina tikudya, alamu n'kuithamangira mpando mpaka kugwa.

"Katundu uja ndalandira," anatero a Thompson. "Zikomo kwambiri, a Chimphonda."