Mfuti Yatsopano ya Eulalio Cordón

Kwathu kuno ku Zacapa mwamuna akhoza kuiwala chipewa, akhoza kuiwala dzina la apongozi ake, koma mfuti m'chiuno saiiwala. Eulalio Cordón yekha ndiye anafika pomera imvi lamba wake akungogwira buluku basi. Anzake ankamuseka kuti amayenda maliseche. Iye ankaseka nawo, n'kubwerera ku mabeseni ake a mkaka. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Tchizi chouma cha Eulalio anthu ankachilondola kuchokera ku Chiquimula, ndipo pamsika sichinkafika masana.

Mkazi wake, Floridalma, ndiye anali wotchi ya mudzi. Ukamva manja ake akuwomba pha pha pha, akuumba totiya, timikate tathu topyapyala ta chimanga tija, unkadziwa kuti kwacha. Eulalio ankakama ng'ombe motsatira kuwomba kumeneko.

Tsiku lina Don Cástulo Orellana, mwini khola lalikulu la tsidya la msewu, anabatizitsa mdzukulu wake. Kuno chimwemwe sitichisunga m'mimba, timachiwombera kumwamba. Ubatizo, ukwati, chaka chatsopano, ngakhale chigoli cha mpira, amuna amasolola mfuti n'kuboola mitambo. Zoti chokwera chimatsika, palibe amene amafuna kuzimva. Floridalma anali pabwalo akuyanika zovala pamene chipolopolo chinatsika n'kumulowa paphewa. Moyo anapulumuka nawo, koma mkono wamanja sunadzukenso.

Floridalma atatuluka m'chipatala, Cástulo anabwera kudzazonda, nkhuku m'khwapa, mfuti m'chiuno.

"Pepani, achimwene," anatero, "koma chipolopolo chochokera kumwamba chilibe mwini. Ndi za Mulungu izi."

Za Mulungu! Tsiku limenelo mudzi wonse kunalibe bwalo lina lomwe linkawombera. Eulalio analandira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuperekeza mlendo mpaka pamsewu. Atabwerera anaipotokola khosi n'kuiponyera agalu.

Totiya saumba ndi dzanja limodzi. M'mawa munayamba kucha mwakachetechete, ndipo bata limenelo ndi lomwe linkamudya Eulalio. Ankadya totiya zogula, zozizira, akuona mkazi wake akulimbana ndi batani la diresi, mtima n'kumamuuza kuti mlandu suola. Anagulitsa ng'ombe ziwiri zamkaka, n'kupita ku likulu, n'kupirira mizere yonse ya chilolezo cha mfuti. Wogulitsa atamuonetsa timfuti tobisa m'thumba, iye anakana. Ankafuna yaikulu, yoti ikayankhula munthu asafunsenso kuti mwati chiyani.

Anabwera nayo yakuda bii, yolemera ngati nyundo, yonunkha mafuta a makina osokera. Tsiku loyamba inamutsitsa buluku mbali imodzi mpaka anaboola lamba penanso. Akakhala pa kampando kokamira inkamubaya m'nthiti. Kulonga zipolopolo kokha kunamutupitsa chala chachikulu. Komabe akaigwira ankamva ngati watalika.

Kukhwawa la kuseri kwa nyumba anaimika thabwa, n'kujambulapo ndi khala ndevu za Cástulo, zopindikira m'mwamba zija. Kuwomba koyamba kunali kochititsa manyazi. M'makutu munalira tsiku lonse. Chitsulo chapamwamba pa mfutiyo, pobwerera m'mbuyo, chinamuluma pakati pa zala mpaka magazi. Chikhungwa chotentha cha chipolopolo chinamugwera m'malaya, bambo wamkulu n'kuvina yekhayekha m'khwawa. Thabwa linali gwa, lopanda ndi bala lomwe. Wovulala anali mtengo waminga wosalakwa, womwe unali kutali kumanzere. Madzulo ake ng'ombe zinaumira mkaka.

Koma chinthucho chinamukomera, ndipo sanadzinamize. Kugwedezeka kuja kunkamufika mpaka paphewa n'kumasula china chake chomwe chinamangika pachifuwa. Anaphunzira kugwira ndi manja awiri, kusatsinzina, kukoka chala pang'onopang'ono ngati akukama ng'ombe yamantha. Pofika nyengo yamvula, pathabwa paja panalibenso ndevu.

Floridalma sanafunse zambiri. Akangomva kulira kwa mfuti, kaya ya yani, ankalowa pansi pa tebulo lochindikala lofinyirapo tchizi. Kamodzi kokha anauza mwamuna wake kuti chitsulocho sichingamubwezere mkono. Eulalio anati waigula chifukwa cha akuba, ndipo onse awiri anadziwa kuti ndi bodza.

Mpata unabwera ndi ukwati wa mwana wamkazi wotsiriza wa Cástulo. Eulalio anali ataziyala bwino m'mutu. Akwati akangolowa pabwalo, amuna onse adzakweza mikono n'kuwombera kumwamba. M'phokoso limenelo, mkono umodzi ukatsika pang'ono, adzaona ndani? Chipolopolo chilibe mwini, mwiniwake ananena yekha. Ankafika pomwetulira akaganiza za nkhuku yomwe adzapite nayo kwa wamasiye. M'mawa wa tsikulo analonga zipolopolo chimodzichimodzi, chilichonse akuchiuza nthiti yoti chikalowe.

Anaivala poyera, pamwamba pa malaya oyera. Chimfuti chotero sichibisika, komanso kuno wobisa mfuti ndi mbala. Koma munthu amene wakalamba osanyamula mfuti sadziwa miyambo yake yonse. Mfuti yatsopano ikaonekera koyamba paphwando, woyamba kuiliza ndi mwini bwalo. Timati kuibatiza. Kukana n'chimodzimodzi kulengeza kuti wabwera ndi zina.

Malimba anali akulira, nyama ikununkhira, pamene Cástulo anamuona Eulalio, n'kumuitana pa dzina lake lachibwana.

"Taonani anthuni, Lalo wavala lero! Mwakula liti, achimwene? Iyitu si ya ana. Tabweretsani kuno tiimve mawu."

Bwalo lonse linatembenuka. Ana aamuna a Cástulo anali pomwepo akuseka, manja ali pafupi ndi malamba. Akwati anali asanafike, phokoso lobisalamo linali lisanayambe. Eulalio anagwira mfuti yake. Anaisolola, n'kuitembenuza, n'kuipereka chogwirira chili kutsogolo monga mwa ulemu wake. Sanadanepo ndi munthu ngati mmene anadanira ndi dzanja lonenepa lomwe linailandira.

Cástulo anaiyeza kulemera, n'kuiyamikira kuti ndi ya amuna. Kenako anakweza mkono mwaulesi, osalunjika bwino kumwamba, utapendekera cha kumsewu, komwe malata a Eulalio ankanyezimira padzuwa. Anawomba mpaka inatheratu. Zipolopolo zonse zija, chilichonse ndi nthiti yake, zinapita m'mwamba. Amuna ena anasolola zawo n'kuyankhira.

Eulalio sanadikire kuti amubwezere. Anathamanga, chipewa n'kugwa, chikopa choikamo mfuti chopanda kanthu chikumumenya m'chiuno, anthu akumuseka kuti waopa kulira kwa mfuti yake yomwe. Panjira ankamva pamadenga a anthu kuti tha, apa ndi apo, ngati ana akugenda.

Anakankha chitseko. Padenga la khitchini panali kabowo komwe kunalibe m'mawa, ndipo kadzuwa kankalowera pamenepo n'kugwera pa chiwaya chootchera totiya. Floridalma anali pansi pa tebulo, wamoyo, atafungata mkono wakufa uja ndi mnzake.

"Yoyamba kulira ija ndaizindikira mawu," anatero. "Ndi yanu."

"Sindine ndawomba, Flori."

"Ndikudziwa, bambo. Paja chilibe mwini."

Kutsidya mfuti zinali zikulirabe, chifukwa akwati anali atangofika. Eulalio anagwada, n'kukwawira pansi pa tebulo, n'kukhala pambali pa mkazi wake.