Malita Khumi a Mbuzi Yokhumudwa

Anzanga, Tanmay ndinakumana naye mu shopu ya penti momwe ndimagwira ntchito kuno ku Nagpur, ku India. Ankafuna penti wa geti.

Abwana anali atangotiikira AI pa kompyuta. Ukasakaniza mtundu watsopano, iyo imaupatsa dzina. Koma mayina ake... wobiriwira inati "Chigongono cha Amalume".

"Chemwali, ndipake chigongono pa geti?" anafunsa Tanmay.

"Pakani basi, akuba azithawa."

Anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake anabweranso, ati geti lomwelo.

Miyezi isanu ndi itatu, anzanga! Tiyi kuseri kwa shopu, mameseji osatha, ine mutu wonse mwaa. Tsiku lina ndinasakaniza mtundu wangawanga, wapinki wotuwirako. AI inati "Mbuzi Yokhumudwa".

"Mrunal, umenewu usagulitse kwa wina," anatero Tanmay. "Ndi wa kuchipinda kwathu."

"Uli serious? Nanga amayi ako ndidzawaona liti?"

"Iwenso phuma. Chikondwerero cha Diwali chidutse kaye."

Ndinadikira. Kuno ukwati ukayandikira, kwawo kwa mwamuna amapaka penti nyumba yonse, kuyambira chipinda cholowa mkwatibwi. Ine m'maganizo ndinali nditasankha kale ndi makatani omwe.

Lachiwiri lapitali mu shopu munalowa mayi wina atagwira kapepala. Zolembazo ndinazizindikira asanayankhule.

"Mwana wanga, usandiseke. Ati Mbuzi Yokhumudwa, malita khumi. Tanmay wanga wakakamira womwewu, ati Sayali aukonda."

"Sayali ndi ndani, Amayi?"

"Mpongozi wanga! Ukwati mwezi wamawa. Mwana wangayo amati titume wopaka penti, ine ndati ayi, ndikaione ndekha mbuzi imeneyi."

Ndinafuna kuthiramo wakuda, chipinda chikaoneke ngati khitchini ya nkhuni. Koma mayiwa anandilakwira chiyani? Ndinasakaniza bwinobwino, misozi ndikumeza.

Potuluka anandigwira tsaya.

"Mtsikana wabwino chonchi, palibe wakufunsira?"

"Analipo, Amayi."

"Ndiye?"

"Anapeza wina, osandiuza."

"Chitsiru chimenecho! Mayi ake sanamulere bwino."

Ndinawanyamulira zidebe mpaka pamsewu, iwo akundidalitsa njira yonse.

Tanmay sanaimbe, ngakhale ka sorry. Koma chikundipweteka kwambiri si chimenecho, anzanga. Mayi aja ndinawakonda, ndipo nawonso anandikonda. Iye sanayese n'komwe kuwatchulira dzina langa.