Dzina Limene Linagwera Tsamba Lachiwiri

Inu owerenga, ine ndinanamiza mayi wokalamba m'tchalitchi, ndipo bodzalo linayamba ndi liuma langa pa kompyuta.

Titabwerako ku makampu a othawa nkhondo a ku Malawi, tinapemphera zaka zambiri m'chisakasa kwathu ku Mongue. Titamanga tchalitchi cha njerwa zowotcha, tinagwirizana zoika mwala pakhoma, wolembedwa mayina a abale amene tinawasiya m'manda a kumakampu. Ine monga mlembi wa mpingo ndinatayipa mayinawo mu Word, ndipo onse anakwana tsamba limodzi.

Mkazi wanga, amene ndi mphunzitsi, anandiuza kuti ndisunge mu PDF, chifukwa PDF sisuntha ngakhale uitsegule pa makina a wina, pamene Word imasinthasintha. Ndinamuseka, n'kumuuza kuti kompyuta ndinayamba kuigwira iye asanadziwe n'komwe poyatsira. Ndinapalasa njinga mpaka ku Milange, n'kusiyira wosema miyala fulashi yanga yosungira za pa kompyuta, mayina ali mu Word momwemo, osadikira n'komwe kuona pepala litasindikizidwa.

Kompyuta yake inalibe mtundu wa zilembo umene ndinasankha. Zilembo zinakula, dzina lomaliza linagwera tsamba lachiwiri, iye n'kusindikiza loyamba lokha, n'kusema. Ndinazindikira tsiku lotsegulira tchalitchi, nsalu itachotsedwa pamwalapo. Dzina losowalo linali la Felizimina, mwana yekhayo wa mayi Rozalina, okalamba aja. Mwanayo anamwalira kukampu akadali kumsana.

Mayiwo sadziwa kuwerenga. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanangu, ndigwiritseni pamene pali Felizimina wanga." Mpingo wonse unali maso pa ine. Manyazi anandikulira, ndipo ndinatenga chala chawo n'kuchiika pa dzina la mwana wa eni. Analira akusisita pamenepo, kenako anathokoza m'Chipwitikizi nati, "Obrigada, mwanangu, tsopano wafika kwawo."

Mwalawo unadzaza mpaka pansi, malo owonjezera dzina palibe. Mkazi wanga amadziwa zonse, koma sanandinyozepo, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa kundikalipira.

Abale anga, Word ndi yolembera ndi kukonzera. Chilichonse chopita kukasindikizidwa pa makina a wina chisungeni mu PDF, ndipo musachoke musanawerenge pepalalo ndi maso anu. Mukalakwitsa, vomerani pomwepo, chifukwa mawa kuvomera kumalemera. Ine ndinalephera, ndipo Lamlungu lililonse ndimaona mayi Rozalina akuima pakhoma paja, akusisita dzina la mwana wa eni, ine n'kuwerama.