Mwaye pa Pulagi ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalemba mayeso a Giredi 7. Chaka chomwecho atate anachotsedwa ntchito ya ukalaliki, ndipo poti nyumba ya ku Kabwata inali ya kuntchito, tinasamukira kwa azakhali ku Chelstone, anthu asanu m'zipinda ziwiri. Dzina langa linali litalembetsedwa kale pasukulu ya ku Kabwata, choncho mayeso ndinayenera kukalembera komweko, mbali ina ya tauni. Atate anali atagula mthuthuthu wakale woperekera makalata ndi timaphukusi m'maofesi, ndipo ndiwo unkandinyamula m'mawa uliwonse.

Masamu ankandivuta kwambiri. Kwa azakhali kunalibe malo oti munthu n'kukhala phee kuwerenga, ndipo amayi ankakonda kunena kuti ine ndikakhoza, banja lathu lidzayambanso kuyenda pakati pa anthu popanda manyazi. Mawu amenewo ankandilemera. Motero mnzanga wina atandipatsa mapepala awiri n'kundinong'oneza kuti ndi likeji, mafunso a mayeso otuluka mozemba pamodzi ndi mayankho ake, sindinakane. Ndinayesa kuloweza koma manambala sankakhala m'mutu. Ndinaganiza zolowa nawo m'chipinda cha mayeso nditawabisa m'sokosi.

Vuto linali amayi, amene sankandilola kutuluka asanaone m'chikwama ndi m'matumba a yunifomu. Lamlungu masana atate atatha kutsuka mthuthuthu n'kulowa m'nyumba, ndinapinda mapepala aja, ndinawakulunga m'kapulasitiki ka buledi, n'kuwakankhira m'kabowo kena kamene ndinakaona kunsi kwa mpando. Ine ndinkayesa ndi kathumba chabe. Ndinati tikafika pageti la sukulu ndidzanamizira kumanga nsapato n'kuwasolola.

Lolemba tinanyamuka dzuwa litangotuluka, mayeso ali oyamba eyiti koloko. Inali nyengo yotentha, fumbi lili m'mwamba kale. Atate anadzera ku Kabulonga pothawa mdipiti wa magalimoto olowa m'tauni. Poyamba tinkayenda bwino. Kenako mthuthuthu unayamba kutsokomola, kumadumpha ngati ukukana, ndipo nditacheuka ndinaona utsi wakuda kumbuyo. Fungo la petulo linandilowa mpaka kukhosi. Atate anawonjezera moto koma unangobuula, n'kuzima pansi pa mitengo ya jakaranda, pafupi ndi mpanda wa nyumba ina yaikulu.

Anaponda sitata yolizira injini mpaka malaya ananyowa kumsana. Nthawi inali itadutsa seveni. Za basi panalibe, chifukwa mabasi a kumeneko amayamba alowa m'tauni, munthu n'kukakweranso ina, ndipo onse amene ankadutsa anali odzaza mpaka pakhomo. Atate anayesa kuimitsa magalimoto atatu, palibe imene inaima. Mlonda wa panyumba ija ndiye anatiuza kuti cha kutsogolo, polowera ku Woodlands, pali bambo wina wokonza makina otchetchera kapinga ndi majenereta, dzina lake ba Mulenga. Tinakankha mthuthuthu tikuthamanga, ine chipewa cholimba chidakali kumutu, thukuta likulowa m'maso.

Ba Mulenga anali bambo wachikulire, wa imvi, ndipo tinawapeza akungoyala zida zawo pasaka.

"Muli shani, bakamba?" anatero ba Mulenga polonjera atate. "Yachita bwanji?"

"Yangozima chabe," atate anatero mpweya uli m'mwamba. "Mwana ali na maekizamu ku Kabwata eyiti awazi. Nithandizeni, napapata."

Iwo sanafunse zambiri. Anatenga sipanala, anamasula pulagi, kachitsulo kamene kamayatsa moto m'kati mwa injini, n'kuiyang'ana padzuwa. Anaipaka pachala, chalacho chinada bii.

"Onani," anatero. "Yakuda, koma yoyuma. Sembe yenze yonyowa na kung'anima, ninshi ni oilo, injini yasila, yafa. Uyu ni mwaye chabe. Petulo yapaka, yachuluka, mphepo yachepa."

Anapitiriza kufotokoza uku manja akugwira ntchito. Anati pulagi ikatuluka yoyera ngati phulusa ndiye kuti petulo ndi amene wachepa, ndipo zimenezo n'zoopsa koposa chifukwa injini imatentha mpaka kupsa. Yabwino imakhala yofiirira ngati khungu la nsawawa zokazinga. Anaikwecha ndi kaburashi ka waya, anaibwezera, anaponda. Injini inalira. Sipanathe mphindi, inatsamwanso n'kuzima. Atamasulanso pulagi ija, inali itada ngati sanaikhudze n'komwe.

Anayang'ana choki, kachitsulo kochepetsa mpweya poliza injini yozizira, anapeza kuti ili bwino. Anafunsa ngati sefa ya mpweya inatsukidwapo posachedwa, atate n'kuyankha kuti anaitsuka okha dzulo lomwelo, ndipo zinali zoona. Ba Mulenga anagwedeza mutu nati ndiye kuti vuto lili m'kabuleta, mmene petulo amasakanikirana ndi mpweya, ndipo kuichotsa, kuitsuka ndi kuibwezera ndi ntchito ya ola lathunthu. Wotchi ya atate inali pa hafu pasiti seveni.

Mpaka pamenepo sindinaganizepo n'kamodzi komwe za mapepala anga, koma mawu akuti mphepo yachepa anayamba kundizungulira m'mutu. Ndinafunsa ndi mawu ang'onoang'ono kuti kodi mpweyawo umalowera pati. Ba Mulenga, osacheuka n'komwe, analoza ndi sipanala kunsi kwa mpando.

Ankaloza kabowo komwe kaja. Ndinadziwa, koma sindinalankhule. Ndinaima pamenepo n'kumaonerera sikuluu yoyamba ikutuluka, yachiwiri, yachitatu, ba Mulenga akuziika bwinobwino m'kachitini. Ndinkapemphera kuti apeze vuto lina lililonse m'kabuletamo. Ndinafika poganiza kuti kuli bwino mayesowo andipite, ndibwereze chaka chonse, kusiyana n'kuti atate, mkulu wa mpingo wa Sabata, aone zimene zinali m'kapulasitiki kaja.

Atate anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, manja kumutu. Ndinali ndisanawaonepo atakhala choncho, ngakhale tsiku limene anabwera ndi kalata yowachotsa ntchito. Atadzutsa nkhope, maso anali ofiira.

"Misozi, mwana wanga, unikhululukile. Nyumba nakangiwa, nalephera kuisunga, manje na sukulu yako naononga."

Pamenepo ndi pamene ndinalephera. Ndinalira ndisanayambe kulankhula, mawu akutuluka modukaduka.

"Ba Dadi, ni ine. Ninaika vinthu mu kabowo kaja."

Ba Mulenga anasiya kabuleta, anavula mpando, anapisa pulayazi m'kabowo. Kapulasitiki kaja kanali katakokedwa mpaka m'kati, katatseka njira yonse ya mpweya. Anakapereka kwa atate. Atate anafunyulula mapepala, anawerenga la pamwamba, anatembenuza, anawerenganso. Ba Mulenga anayang'ana kumbali n'kuyamba kubwezera masikuluu mwachangu ngati munthu amene sanaone kanthu. Anakwechanso pulagi, anaponda kamodzi, injini inalira bwino lomwe, utsi wakuda n'kutha.

Atate anang'amba mapepala aja tizidutswa n'kuponya m'ngalande. Kwa ine ananena mawu amodzi okha, akuti ndikwere. Njira yonse kudutsa Woodlands mpaka Kabwata ine ndinkaopa kuwagwira m'chiuno monga mwa masiku onse, ndinangotsina nsonga ya malaya awo.

Tinafika eyiti itadutsa ndi mphindi makumi awiri, pabwalo pali zii. Ndinadumpha kuti ndithamange koma atate anandigwira dzanja. Anagwada pafumbi pageti pomwepo, anandiuza kuti ndivule nsapato, n'kupisa zala m'masokosi anga onse awiri, ngakhale nthawi inali itatha kale. Chikwapu chilichonse chikanandipweteka pang'ono kuposa zimenezo. Atatero anapita nane kwa mayi woyang'anira mayeso, anachonderera chipewa chili m'manja, osatchula za mlandu wanga, mpaka mayiyo anayang'ana wotchi n'kundilola.

"Lemba vamene uziba," anatero atate pakhomo. "Olo viwili."

Masamu ndinalemba movutika, mafunso ena ndinawasiya osayankha. Zotsatira zitatuluka ndinali nditakhoza mwa apo ndi apo, ndipo ndinapeza malo pasukulu ya ku Libala, osati yogonera komweko imene amayi ankailakalaka. Atate sanawauze amayi nkhaniyi. Ndinadzawauza ndekha ndili wamkulu, atate atamwalira kale.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti tchimo langa tsiku limenelo linali mapepala. Tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndimaona kuti mwana wamantha akhoza kulandira pepala lotero asanaganize bwino. Chimene sindinadzikhululukire msanga ndi nthawi ija ndinadziwa koma n'kukhala chete. Ba Mulenga anali atapeza vuto m'mphindi ziwiri zoyambirira, ndipo chimene chinawasokeretsa si injini ayi, ndi ine. Munthu ukabisa cholakwa chako sichingokhala pamene wachiikapo, amene amakukonda ndiye amachitola n'kumayesa n'chake. Atate anakhala m'mphepete mwa ngalande n'kupepesa mlandu wanga, ine ndili chilili pambali pawo.