Phungu Wachibwibwi wa ku Minnesota

Inu amene mwagwa n'kumati basi zanu zada, tamvani za Torvald Skogen wa kwathu kuno ku Minnesota.

Atagonja kachiwiri pa chisankho cha phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo chathu, anthu anamuseka mpaka kutchalitchi. Anali mwana wamasiye wokulira m'makola a ng'ombe za eni, ndipo malamulo anawaphunzira yekha m'mabuku obwereka. Mutu unali bwinobwino. Vuto linali chibwibwi. Pamsonkhano wina anayamba ndi mawu oti "abale anga", koma pofika pa "anga" theka la anthu linali litapita kukakama ng'ombe.

Mkazi wake Gudrun sankadziwa kuzungulira. "Bambo, kachitatu aka n'komaliza. Mukagwanso, mukayamba ntchito yopala zikopa kwa achimwene. Ana anuwa sadya mavoti."

Torvald anasiya misonkhano n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Kwathu kuno mlendo satuluka m'nyumba asanalandire khofi ndi chitumbuwa cha maapozi, ndipo kusiya chotsala m'mbale n'kunyoza mayi wa pakhomo. Wopikisana naye, loya wina dzina lake Pendergast, ankangoluma pang'ono n'kuyamba kulakatula malonjezo. Torvald, munthu woidziwa njala, ankadya. Poti pakamwa pankakhala podzaza, eni nyumba ankayankhula okha za misewu, za sukulu, za mtengo wa mkaka. Iye ankangogwedeza mutu uku akutafuna.

Mayeso enieni anali kwa Mayi Brekke, mayi wamasiye wotsogolera amayi a mpingo. Kumene iwo aloza, mavoti onse a kutsidya kwa mtsinje ankapita komweko. Koma chitumbuwa chawo, Mulungu andikhululukire, chinali cholimba ngati chidendene cha nsapato. Pendergast anabisa chake m'thumba la jekete, galu wa pakhomopo n'kumuulula pomulondola akununkhiza mpaka pageti.

Torvald atafika anakhala pansi n'kuyamba ntchito. Nsagwada zinawawa, misozi inalengeza, koma mbale anaiyeretsa.

"Ndikuwonjezere, mwanangu?" anafunsa mayiwo.

Ankafuna kunena kuti "pepani, ndakhuta", koma lilime lisanamasuke chidutswa chachiwiri chinali chitatera kale m'mbale.

Poona kuti mlendoyu sakuthamangira kwina, Mayi Brekke anakoka mpando. Anamuuza za mwana wawo Einar, amene anakokoloka pamodzi ndi ngolo yake powoloka mtsinje wopanda mlatho uja.

"Ofuna mavoti onse amabwera kudzandiuza zawo," anatero. "Iwe wekha ndi amene wandilola kumaliza zanga."

Torvald anagwidwa chisoni chachikulu, ndipo misozi ya ulendo uno sinali ya chitumbuwa.

Chisankho anapambana. Gudrun anangotenga singano n'kukulitsa mabuluku ake onse m'chiuno.

Ku nyumba ya malamulo anatha miyezi ali duu. Tsiku lokambirana za milatho anaimirira, aphungu anzake n'kuyamba kukodolana. Anavutika kutchula dzina la Einar, thukuta lili kamukamu, koma sanakhale pansi. Anafotokoza za ngolo, za madzi, ndi za mayi amene amaona mtsinjewo pawindo tsiku lililonse. Okodolana aja anazyolika, ndipo onse anamudikira mpaka anamaliza. Mlatho unamangidwa.

Patapita zaka anthu anamusankha kukhala woweruza milandu. Maloya olongolola ankamuopa, chifukwa ankawasiya ayankhule mpaka adzikole okha. Koma anthu wamba ankamukonda. Mlimi wina ataluza mlandu wa malire a munda anatuluka m'khoti akuuza mkazi wake kuti, "Andigwetsa inde, koma mdala uja wandimva mpaka kumapeto."

Chibwibwi sichinamusiye mpaka tsiku la imfa yake. Ndiye inu amene mukudikira kuti chofooka chanu chithe kaye kuti muyambe, mudikira mpaka liti? Musataye mtima. Nyamukani nacho chomwecho.